A Tipemphere ndi Michira ya M'phiri

Wojambula zithunzi aliyense amatsinzina diso limodzi. A Tipemphere ankatsinzina onse awiri.

Musaseke msanga, nkhani ikadali kutsogolo. Bamboyu sankadina batani la kamera asanapemphere, ndipo pemphero lawo silinali lija lachidule la “Ambuye tidalitseni, ameni.” Ayi ndithu. Ankayamba ndi kuthokoza chifukwa cha dzuwa, n'kubwera ku mvula, n'kudzera kwa odwala, am'ndende ndi apaulendo, n'kukafika mpaka kwa madalaivala a minibasi, mawu ali pamwamba ngati kumwambako kuli phokoso la chigayo. Akamati “ameni” n'kutsegula maso, khanda lodzajambulidwa linkakhala litagona, mkwatibwi nsagwada zitauma ndi kumwetulira, mkwati atayamba kudzifunsa ngati sanalakwitse. Dzina lawo la ubatizo linaiwalika kalekale. Ngakhale akazi awo akapsa mtima ankawaitana lomweli.

Akazi awowo, amene tonse mumsewu muja tinkangowatchula kuti a Telala, ndiwo ankaudziwa kulemera kwake mtolowu. Banjali linkagwira ntchito m'chipinda chimodzi chogawidwa pakati ndi katani. Kutsogolo kunali makina osokera, kuseri kunali situdiyo: mpando wapulasitiki, maluwa apulasitiki ndi nsalu yabuluu yopachika kukhoma. Khomo loyandikana nalo linali la wometa tsitsi, a Chipeso, munthu amene lilime lake linali lakuthwa kuposa sizasi yake. Kumapeto kwa msewu, kumene tala amathera, kunali phiri, lalitali, lakuda bii, nsonga zake zobisala m'nkhungu.

A Tipemphere sankagwirizana ndi mipando. Tiyi ankamwa chiimirire, nyuzipepala ankawerenga akuyenda, ndipo kwa a Chipeso ankametedwa mbali imodzi lero, inayo mawa. Tsiku lonse yakaliyakali, kulowa, kutuluka, kusuntha maluwa aja, kuwabwezera pomwe anali. Nthawi yokhayo imene thupi lawo linkaima malo amodzi inali ya pemphero, ndipo ngakhale pamenepo ankaimirira.

Za phiri zinayamba imvi zitamera kale. Abambo a mpingo anakonza zokasala kudya ndi kupemphera kumtundako, ndipo anawatenga a Tipemphere kuti akajambule gulu. Gululo silinajambulidwe. Atangofika pamwamba, bamboyu anaona chinkhoma, kambuzi kam'matanthwe kaja, kataima pansonga ya mwala, ziboda zonse zinayi zitasonkhana pamalo osaposa sosala ya kapu ya tiyi, kuseri kwake kuli phompho ndi mitambo. Anzawo anawasaka masana onse, njala ili m'mimba, mpaka anakawapeza atakakamira pathanthwe, akufuula kuti kanalowera uku.

Anafika kunyumba buluku litang'ambika pabondo, maso akuwala.

“Mayi, zaka zonsezi ndakhala ndikutaya nthawi. Wina akuti ndiyeretseni khungu, wina akuti ndichotseni mimba, wina akuti mphuno iyi si yanga. Kumtundaku kuli zolengedwa zosadandaula.”

“Zolengedwazo zizibwera kudzatenga zithunzi zake?”

“Inu mayi, ndikunena za ntchito za manja a Mulungu.”

“Ine ndikunena za buluku. Vulani ndisoke.”

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse linali la phiri. Ankanyamuka m'mamawa, chipewa kumutu, chikwama kumsana, kamera pachifuwa, miyendo itatu yoimikira kamera ili paphewa ngati mfuti. Ndipo nyama ankazipezadi, pakuti maso anali nawo akuthwa. Vuto linali lomwe lija. Gwape akatulukira, iwo ankaimika kamera bwinobwino, n'kuvula chipewa, n'kufuula kuti “Tipemphere!” Tsono gwape si mkwatibwi.

Posakhalitsa khoma la situdiyo linadzaza ndi zithunzi zimene dziko silinazionepo. A Chipeso ankabwera kudzaziyendera manja ali kumbuyo.

“Ichi n'chiyani, achimwene?”

“Gwape.”

“Ali kuti?”

“Anali pamenepa. Simukuona udzuwu mmene wagonera?”

“Nanga kakuda kali pakonaka?”

“Mchira wa nguluwe. Nguluwe yake, achimwene, ngati thebulo!”

“Uwu?”

“Mchira wa mbawala.”

“Alamu,” anatero a Chipeso potembenukira kwa a Telala, “amuna anuwa nyama amazidziwa bwino, koma chakumbuyo kokha. Atakumana nazo maso ndi maso sangazizindikire.”

A Telala ankaseka nawo, koma Loweruka sankaseka. Tsiku limenelo makina ankayenda mosokonekera. Ankasoka pang'ono, n'kudzuka, n'kukaima pakhomo kuyang'ana nkhungu, n'kubwerera, n'kudzukanso. Diresi ya mayi wina anaisoka dzanja limodzi n'kulitsekeratu. Thumba la malaya a mphunzitsi analiika kumsana. Mtima unkatsika pokhapokha akaona chipewa chija chikutulukira kumene tala amayambira, ndipo pamenepo m'malo mothokoza ankayamba kukalipa.

Oyamba kuphunzira chipembedzo cha a Tipemphere anali anyani. Panali nyani wina wamkulu, wa chipsera pamphuno, amene iwo anamupatsa udindo wa mkulu wa mpingo chifukwa cha kakhalidwe kake: pamwala, manja pamawondo, nkhope yosaseka. Nyaniyu anazindikira kuti munthu wa chipewa uja akangofuula mawu ake aja, chikwama chimasanduka chopanda mwini. Kunapita buledi. Sabata inayo kunapita nthochi ndi mazira owiritsa. Kenako kunapita fulasiki.

“Fulasiki yanga ili kuti, bambo?”

“Yatsala ndi abale.”

“Abale ati?”

“Akumtunda. Mayi, mukanaona mwambo wake! Gulu lonse linakhala chete mpaka ndinamaliza.”

“Linakhala chete chifukwa m'kamwa munali mazira anga!”

Iwo sanagonje. Anati chimene chikuthawitsa nyama si pemphero, koma malaya awo oyera. Anamva kuti akatswiri amavala zovala zofanana ndi tchire, ndipo anawaumirira a Telala sabata yathunthu, akuzungulira makina ngati ntchentche, mpaka mayiwo anatopa. Anatenga zotsala za makatani a hotelo ina, zobiriwira, za maluwa achikasu akuluakulu ngati mbale, n'kusoka chimkanjo chofika kumapazi, chokhala ndi chofunda kumutu ndi timabowo tiwiri ta maso.

Oyamba kukhulupirira kuti ndi tchire anali njuchi. Achiwiri anali amayi ena otola nkhuni m'munsi mwa phiri, amene anangomva chitsamba cha maluwa chikuwapatsa moni: “Mtendere wa Ambuye, amayi!” Mitolo pansi, aliyense njira yake, mmodzi mpaka anasiya nsapato. Alonda a nkhalango anabwera ndi zibonga, n'kuchigwira chitsambacho, n'kutsika nacho mpaka mumsewu wathu, anthu ali mbali ndi mbali. A Chipeso anatuluka sizasi ili m'manja.

“Ndani wataya sofa pamsewu?”

Sofayo inaima, n'kupempha alondawo kuti asasunthe, iwajambule chifukwa agwira ntchito yawo mokhulupirika. Alonda anavula zipewa, ndipo anaima padzuwa mpaka wina anayamba kudzandira.

Mbiri itafika kwa abusa, iwo anaganiza zoti luso limeneli litumikire mpingo. Anakonza kuti Lamulungu lina masana a Tipemphere aonetse zodabwitsa za chilengedwe. Anapachika nsalu yoyera kutsogolo kwa guwa, n'kubwereka makina oonetsera zithunzi. Tchalitchi chinadzaza kuposa m'mawa. A Telala anakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, kuti zikavuta atuluke mwakachetechete.

Chithunzi choyamba chinali mwala.

“Apa, abale ndi alongo, panali mbira, banja lonse, zikuwothera dzuwa.”

Chachiwiri chinali nthambi.

“Apa panali chiwombankhanga. Mapiko ake kuchokera apa mpaka pamene pali abusapo.”

Chachitatu chinali choyera mbee, moti wina anadzuka kukagwedeza waya.

“Asiyeni makinawo, ali bwino. Imeneyi ndi nkhungu. Kuseri kwakeko kuli mathithi okongola kuposa onse amene munawaonapo.”

Gogo wina wa pabenchi yakutsogolo analephera kupirira. “Ndiye ife tingokhulupirira basi?”

“Mwayankha bwino, agogo! Abusa, ulaliki wa sabata yamawa ndi umenewo.”

Anthu anaseka mpaka misozi. Koma kenako panabwera chithunzi china, ndipo phwete linatha. Mapiri sathawa pemphero, ndiye awa ankawapeza akadali pomwepo. Chinali chigwa cha kuseri kwa phiri mvula itangokata: matanthwe onyowa akunyezimira, mtsinje ukutsika ngati ulusi woyera, kuwala kukuboola mitambo n'kugwera pa mtengo umodzi wokha. Tonse tinabadwira m'munsi mwa phiri limenelo, koma palibe ankadziwa kuti kuseri kwake kuli zotere. A Telala anapezeka atasiya khomo lija, ataima pakati pa mabenchi, chikwama atachikumbatira pachifuwa.

Anthu atabalalika, abusa anawakokera pambali a Tipemphere.

“Akulu, Mulungu amamva ndi pemphero la mumtima lomwe. Bwanji muzijambula kaye, kuthokoza kuzibwera pambuyo?”

“Abusa, inu mumayamba mwadya, kenako n'kudalitsa mbale yopanda kanthu?”

“Chabwino. Nanga diso limodzi litamakhala lotsegula?”

“Ndizimulondera Mulungu ngati wakuba?”

Abusa anakanda kumutu n'kunena kuti akaiganizira nkhaniyo. Mpaka lero akuiganizirabe.

Pobwerera kunyumba a Telala anafunsa chimene chinkawasautsa. “Kodi inu simupsa mtima? Kukwera konse kuja, njuchi, minga, n'kubwerako ndi mchira?”

“Nyama zija si zanga, mayi. Mwini wake amandionetsa, ine ndimati zikomo. Tsiku limene adzafune kuti nditenge yathunthu, adzaiimitsa yekha.”

“Akadzaiimitsa inu mudzakhala mutatsinzina.”

Zinthu ziwiri zinafika chaka chimodzi. Choyamba, alonda a nkhalango aja, amene tsopano anali abwenzi awo, anawauza kuti kupitirira mathithi kwaoneka mapazi a kambuku. Chachiwiri, a Tipemphere anagwa m'situdiyo, pakati pa pemphero, n'kugwetsa maluwa apulasitiki. Dokotala anawamvetsera pachifuwa nthawi yaitali n'kupukusa mutu.

“Mtima wanu watopa, bambo. Phiri lija muziliona pa zithunzi.”

“Adokotala, kuli kambuku.”

“Ndiye chifukwa chachiwiri chimenecho.”

Nkhondo inayambira pamenepo. A Telala anabisa majombo m'thumba la zigamba, iwo anakwera ndi nsapato za kutchalitchi. Anabisa za kutchalitchizo, iwo anakwera ndi patapata. Pomaliza anatsekera kamera m'kabati n'kumangirira kiyi pakhosi. Loweruka limenelo bambo anatsaladi pakhomo, koma msewu wonse unadziwa. Anasanja maulusi onse motsata mitundu, n'kuwasanjanso motsata kukula. Anathira mafuta m'makina mpaka nsalu ya kasitomala inada. Anapita kwa a Chipeso kukathandiza kusesa tsitsi, n'kusesa ndi mapazi a anthu omwe. Mphindi iliyonse ankatuluka, kuyang'ana phiri, kuusa moyo, kulowa. Dzuwa lisanafike pamutu a Chipeso anasuzumira pakhomo.

“Alamu, apatseni kamera yawo. Kufa ndi kambuku kuli bwino kusiyana ndi kutipha tonse.”

A Telala anawayang'ana amuna awo. Anali ataima pawindo, zala zikugogoda galasi, nkhope itagwa ngati ya mwana wotsekeredwa anzake akusewera. Anaona kuti munthuyu akhoza kumusunga, koma wosungidwayo sakhala yemwe uja. Anamasula kiyi.

“Loweruka likubwerali mupita. Koma ndikupita nanu, mapiritsi ndinyamula ine, ndipo ndikati tikhale, mukhala.”

“Mayi, maondo anu aja?”

“Maondo ndi anga.”

Ananyamuka kutangocha, bambo patsogolo, mayi pambuyo ndi ambulera ndi chikwama cha kutchalitchi. Tala anatha, minda inatha, njira inasanduka kamzere m'udzu wofika m'khosi. Analowa m'nkhalango ya mitengo yovala ndere, mozizira ngati m'firiji, n'kuwoloka mtsinje podumpha miyala. A Tipemphere pakamwa sipanatseke: apa ndi pamene ndinagwa, apa ndi pamene abale anatengera fulasiki, uwu ndi mtengo wa njuchi zija, perekani moni. Koma a Telala ankamva china pansi pa mawuwo, kupuma kwa wefuwefu, ndipo ankaona mmene dzanja la amuna awo linkapitira pachifuwa akaganiza kuti sakuonedwa.

“Tikhale.”

“Tangotsala pang'ono.”

“Ndati tikhale.”

Bambo ankatsamira mwala, osakhala, phazi likugunda pansi.

Atatuluka m'nkhalango, a Telala anatembenuka n'kugwira pakamwa. Mitambo inali pansi pa mapazi awo. Pamene inang'ambika, tauni yonse inkaoneka ngati mabatani otayika pa nsalu yobiriwira. Anafunafuna denga lawo, osalipeza. Zaka zonse zija ankaima pakhomo kuliyang'ana phirili ngati mkazi mnzawo wowalanda mwamuna, ndipo lero linangowalandira, mphepo ikuwaziziritsa thukuta.

Anapitirira mathithi, amene analikodi, n'kufika pamphepete pa chigwa chakuya. Tsidya linalo kunali thanthwe lotambalala, dzuwa likuliwomba. A Tipemphere anaima mwadzidzidzi n'kuwagwira mkono akazi awo.

“Musapume.”

Poyamba a Telala anangoona mwala ndi mithunzi ya masamba. Kenako mthunzi wina unagwedeza khutu. Chilombo chinali chitagona chammbali, mutu pamiyendo yakutsogolo, mchira ukulendewera pathanthwe. Pakati pawo ndi icho panali phompho, koma phompholo mwadzidzidzi linaoneka laling'ono kwambiri.

Bambo anaimika kamera pamiyendo yake, n'kupotokola galasi, n'kusuzumira, n'kupotokolanso. Kenako anavula chipewa.

“Bambo, ndapota nanu,” ananong'ona a Telala. “Dinani kaye.”

“Tipemphere.”

Kwa nthawi yoyamba mawuwo sanatuluke mofuula. Mpweya analibe. Linali pemphero la manong'onong'o, loduka pakati, ndipo kambuku sanalimve. Anadzuka yekha mwaulesi, n'kudziwongola msana, n'kuyasamula mano onse poyera, n'kuima chiimire pansonga ya thanthwe, wathunthu, mawanga onse akuwerengeka. Anatembenuza mutu n'kuwayang'ana a Telala m'maso.

A Telala sanatsinzine. Ankamva amuna awo akuthokoza chifukwa cha dzuwa, chifukwa cha alonda a nkhalango, chifukwa cha dokotala ngakhale samvetsa zinthu. Kenako anamva za iwo eni. “Ndi mayi awa, Ambuye, amene akwera ndi maondo otupa. Ndawavutitsa zaka zambiri. Muwatsitse bwino, ngakhale ine nditapanda kutsika.”

Kambuku anayamba kutembenuka. A Telala sanaganize kanthu. Chala chija chozolowera kukankha nsalu pansi pa singano chinangopita chokha pa batani lalikulu. Kamera inati tcha! Chilombo chinadumpha kamodzi, ndipo bambo pomati “ameni” anangoona nsonga ya mchira ikulowa m'tchire.

“Aaa! Mayi, mwauona mchirawo? Mwauona kutalika?”

“Taonani m'kameramo.”

Bambo anayang'ana pa kagalasi ka kuseri kwa kamera. Anachotsa magalasi awo, kuwapukuta, kuyang'ananso.

“Mwajambula pemphero lili m'kati?”

“Ndajambula.”

“Ndiye kuti maso anali otsegula.”

“Onse awiri.”

“Chithunzi ichi n'chakuba, mayi.”

“Chifufuteni tsono.”

Anaikumbatira kamera ngati wina akufuna kuwalanda, misozi ikutsikira m'ndevu.

Kutsika kunali kovuta. Pofika m'nkhalango muja miyendo ya bambo inakana, ndipo a Telala anakuwa mpaka alonda anamva. Anawanyamula pa machira a mitengo ndi majekete, iwo ali chagada, akuonetsa aliyense kagalasi kaja ndi kulangiza onyamulawo poponda. Phiri sanalikwerenso.

Chithunzicho anachitsukitsa chachikulu, koma anakana kuchipachika pakhoma la michira. Anati si ntchito yawo. Anachikhoma kutsogolo, pamwamba pa makina osokera, ndipo china chaching'ono ankayenda nacho m'thumba la malaya, kuimitsa anthu pamsewu, ngakhale amene anachiona kale dzulo lake.

“Achimwene,” anatero a Chipeso, “inu zaka zonsezi michira yokhayokha. Alamu tsiku limodzi, kambuku wathunthu.”

“Nanga amene anachiimitsa chilombocho ndani? Ine ndinachigwira ndi pemphero, iwo anangodina.”

Miyezi yotsatira anaithera pakati pa khomo ndi katani. Ankajambula abuluzi a pakhoma la a Chipeso, amene nawonso ankasiya michira, ndi akhwangwala a pa waya wa magetsi. M'mawa uliwonse ankajambula phiri ataima pakhonde, n'kulengeza kwa odutsa ngati kumtundako kugwa mvula kapena ayi. Mapemphero anafupika chifukwa cha mpweya, ndipo makasitomala ena anayamba kudandaula kuti akuwathamangitsa.

Tsiku lina masana a Telala anasuzumira kuseri kwa katani kuti afunse ngati amwa mapiritsi. Anawapeza atatsinzina, chipewa chili m'manja, kamera pachifuwa. Anabwerera chakumbuyo n'kuchepetsa liwiro la makina kuti asasokoneze. Anamaliza mpendero wa siketi, akudikira ameni. Anayamba kolala ya malaya, akudikirabe. Kenako phazi lawo linaima lokha pa chopondera. Anakumbukira chimene maso awo anaona koma mutu sunalandire: bambo anali atakhala pansi, pa mpando wapulasitiki uja, miyendo itatambasuka, phee.

Pa maliro abusa anapemphera nthawi yaitali kuposa kale lonse, ndipo palibe anatsokomola. Kunabwera anthu amene a Telala sankawadziwa n'komwe. Alonda a nkhalango anabwera atavala yunifolomu. Amayi otola nkhuni aja anabwera, ndi uja wa nsapato yemwe. Dalaivala wina wa malole anati chithunzi cha pa laisensi yake chinamuchedwetsa theka la tsiku, koma bamboyo anatchula msewu uliwonse umene adzadutse, ndi mkazi wake, ndi mwana amene anali akadali m'mimba. Mayi wina anati anabwera kudzajambulitsa cha pa khadi la kuchipatala asanauze aliyense za matenda ake, ndipo munthu woyamba kumufunsa kuti chithunzichi n'cha chiyani anali a Tipemphere. A Chipeso anayesa kunena nthabwala pamanda, mawu anawathawa pakati, n'kungokhala pansi.

Mumsewu mwathu tsopano muli bata, ndipo batalo silikutikhala. Zithunzi timakajambulitsa pa shopu ya mafoni, kumene umalowa, kuwala kumati ng'ani, n'kutuluka. A Chipeso amameta mutu wonse tsiku limodzi ndipo akuti ntchito yayamba kuwatopetsa. Mvula imangotipeza ndi zovala pa chingwe, popeza palibe wotichenjeza. Mwana wawo wamkazi wakhala akuwanyengerera a Telala kuti akakhale naye mumzinda, iwo amangoti adikire kaye. Katani lija sanalichotse. Amasoka pang'ono, n'kudzuka, n'kuzungulira chipinda, n'kukhalanso, ndipo akafunsidwa chimene akufuna amati sakudziwa.

Mwezi wathawu kunabwera mtsikana wina ndi sutikesi, kufunsa ngati pano ndi pojambulitsa. Anati wapeza ntchito kutali ndipo akufuna kachithunzi ka pa chiphaso. A Telala anamulozera ku shopu ya mafoni. Asanamalize n'komwe kulowetsa ulusi m'singano, mtsikanayo anabwerera, tizithunzi tili m'manja.

“Atha kale?”

“Atha, mayi. Sanandifunse ndi kumene ndikupita komwe.” Anaima pakhomo akupotokola kaenvelopu. “Amayi anga anati ndidzere pano. Anati achimwene anga pochoka anadzera pano, ndipo anayenda bwino. Sankadziwa kuti abambo ojambula aja anatisiya.”

A Telala anamuyang'ana. Anali wamng'ono, nsapato zatsopano zikumuluma, mantha ali m'maso. Anachotsa phazi pa chopondera, n'kukankha katani, n'kupukuta fumbi pa mpando uja ndi chigamba.

“Khala apa, mwanawe. Koma ndikuuziretu, ine si iwo aja. Sindidziwa kutalikitsa.”

Mtsikanayo anaika sutikesi pansi, n'kukhala, n'kupinda manja.

“Talikitsaniko pang'ono, mayi. Basi yanga ndi ya madzulo.”